Benzi Yosiyidwa Kutala

Levison ananyamuka mochedwa ku Area 25, chonsecho mlongo wake Vaileti anamuimbira foni dzuwa likadalipo kuti amayi awo afooka ku Chinsapo, abwere adzawatengere kuchipatala. Chinamuchedwetsa n'chiyani? Benzi yake inali isanaume polishi.

Eni magalimoto oterewa mumawadziwa. Benzi ya Levison sinkanyamula wamatope kumapazi, wodya chimanga chootcha, ngakhale opita kumaliro. Atafika pothera tala n'kuona mmene mvula inawonongera msewu, mtima unamupweteka. Anaimika galimoto pomwetsera mafuta, n'kuopseza mlonda kuti asayerekeze kuikhudza, ulendo wapansi. Mumtima ankadzitonthoza kuti akaone kaye, mwina ndi malungo chabe.

Njira yachidule inkalambalala manda. Magetsi anali atazima. Kunali zii. Achule okha.

Kenaka... munthu!

Bambo wa suti yoyera, kansalu m'manja, akupukuta. Koma akupukuta chiyani? Panalibe kanthu. Dzanja linkangoyenda m'malere, kukwera, kutsetsereka, ngati likutsata boneti. Anawerama, nauzira mpweya, napukutanso.

Wamisala kodi? Woledzera? Nanga bwanji sutiyo inalibe ndi dontho lomwe la thope? Mutu wa Levison unaima.

"Musatsamire, achimwene," anatero bamboyo osacheuka. "Mundikandira penti."

Levison analumphira kumbali, kulewa galimoto imene sankaiona. Bondo linagunda chinthu. Chozizira... chosalala... chitsulo!

Anapapasa. Mphepo yokhayokha.

"Nanunso mwaisiya kutala?" Bambo uja anaseka pang'ono. "Mwachita bwino. Matope amawononga galimoto. Wodwala amadikira."

Ameneyu wadziwa bwanji za wodwala? Levison analiyatsa liwiro la mtondo wadooka, nsapato imodzi n'kutsala m'thope.

Anapeza Vaileti ali pakhomo ndi nyali. Mlongo wakeyo sanamuyang'ane nkhope. Maso anali kumbuyo kwake, kumsewu.

"Achimwene, galimoto ili kuti?"

M'malo moyankha, Levison anayamba kulongolola za munthu wa suti wopukuta mphepo, mawu akuphathikizana. Mayi Kulusumu, oyandikana nawo nyumba amene ankathandiza kudwazika, anatuluka m'chipinda atagwira pakamwa.

"Wa suti yoyera, pamanda paja? Amenewo ndi a Zebedee. Anali ndi Benzi ngati yanuyo, nawonso ankaigoneka kutala nyengo ya mvula. Usiku umene akazi awo anayamba kumva mimba, anathamanga kukaitenga. Pobwera nayo anapeza anthu akulira kale. Eni akewo sanathe chaka. Tinawaika pomwepo, inu mukadali pasukulu."

Manyazi ndi mantha zinamugwira Levison pamodzi. Benzi inali kutali, kuseri kwa manda omwewo.

M'chipinda munamveka mawu a amayi ake, otsika, obanika.

"Levi... mwanawe... wabwera nayo?"