Wenzulo ya a Bwererani

Izi sindinachite kumva kwa munthu ayi. Ndinaziona ndekha ndili pakhomo pa shopu yanga ya utelala, ndipo alamu anga, amene anali kapitawo wa ntchito yonseyo, akhoza kuikira umboni mukawapeza atakhuta.

Malo athuwa kale anali chimsika cha masitolo chimene anthu anachithawa, n'kutsala nkhunda ndi chibwalo choimikapo magalimoto. Atagula ena, anamanga nyumba zogona pamwamba, mashopu pansi, ndipo pabwalo paja anayala njerwa, n'kubzala mitengo, n'kuika mabenchi. Galimoto analetsa. Aliyense wapansi basi.

Koma anaiwala munthu mmodzi. Pabwalopo panali mdala wolondolera magalimoto, tinkangowati a Bwererani, chifukwa mawu awo anali omwewo tsiku lonse. Anamwalira zomangazi zisanayambe, ndipo palibe anakawauza kuti ntchito yawo yatha.

Zinayamba masanasana, dzuwa lili paliwombo. Fungo la utsi wa dizilo, pamalo opanda galimoto. Nkhunda zii. Kenako wenzulo: pyee, pyee. Mayi wogulitsa maluwa anaima, n'kuyamba kuyenda chafutambuyo mpaka kukaima pakati pa mabenchi awiri, ndipo anakhala pomwepo ola lathunthu miyendo itakana. Pofika sabata yachiwiri anthu ankaimikidwa asanu asanu pamzere, maso ali gwa. Ine ndinkaseka mpaka misozi, kufikira tsiku limene anandiimika nanenso, buluku la kasitomala lili m'manja. Ndinachita mantha, ndisakunamizeni.

Anthu a lendi anayamba kumanga katundu. Mwini malo anauza alamu kuti woyendera nyumba abwera Lachisanu, ndipo akapanda kusaina, iwo atsanzikane ndi ntchito. Kunyumba kwawo ana anayi, kuphatikiza mkazi wawo, mchemwali wanga wolongolola.

Alamu anaganiza mwaukapitawo. Analemba kalata yochotsa mdalayo ntchito, ya deti ndi chidindo chomwe, n'kukaiwerenga pakati pa bwalo Lachinayi masana, ine nditawagwira malaya kumbuyo. Atamaliza kunali bata. Utsi uja unafika. Kenako mawu, chapansipansi, pafupi ndi khutu.

"Nanga mawa ndilawirire kuti, bwana?"

Alamu anaiyang'ana kalata ija nthawi yaitali, poti funso limenelo n'limene linkawasowetsa mtendere iwonso. Anaing'amba. Anakatenga penti yoyera n'kujambula malo a galimoto imodzi pakona, kuseri kwa mtengo.

Lachisanu woyendera uja, bambo wa mimba yake, anazungulira ponse akumwetulira mpaka anaona mizere ija. Nkhope inasintha. Anati pulani ilibe zimenezi, ndipo sasaina kanthu mpaka zifufutidwe.

Pyee.

Bamboyo anatembenuka yekha. Pyee, pyee. Anabwerera chafutambuyo. Anakhota pang'ono. Anapita kutsogolo, anabwereranso, n'kuima pakatikati pa mizere osaponda ngakhale umodzi, thukuta lili kamukamu.

"Ndipatseni cholembera," ananong'ona. "Ndisainira pompano."

Alamu ntchito ikadalipo, ndipo wapansi saimikidwanso. Koma pakona paja palibe amapondapo. M'mawa uliwonse ndikamatsegula shopu ndimapezapo dontho la oilo, ndipo ndikalikhudza ndi chala limakhala lofunda.