Funso la Napari

Dzuwa linali litafiira m'fumbi la chilimwe pamene Napari ndi azakhali ake, a Damata, ankamenya mafuta a njere za mtengo wa shiya pabwalo la nyumba. Beseni linali pakati pawo, manja ali m'phala mpaka m'zigongono, phwa! phwa! phwa! kuti mafuta ayandame. Nkhanga zinkalowa m'khola zikulongolola, ndipo kumzikiti anali atayamba kuitanira swala ya madzulo.

"Taonani manja a kusukulu," anatero a Damata. "Ukumenya shiya kapena ukusisita khanda?"

"Wandiphunzitsa ndinu, azakhali."

"Ine? Usandinamizire nkhanga zikumva."

Napari anaperekedwa kwa azakhali akewo asanagulule mano, monga amachitira kwawoko ndi ana aakazi ambiri. Anakulira pamphasa yawo, akudya m'mbale yawo. Tsopano ankaphunzira unamwino mumzinda wa Tamale, ndipo mtima wake unali pa chinthu chimodzi basi: kudzakhala namwino wa odwala maganizo. Tchuthi chimenecho anadzipereka kuyenda khomo ndi khomo kwawo, kucheza ndi ovutika mumtima, ndi kuphunzitsa anthu pa tsiku la msika.

M'nyumbamo munali chinsinsi. Chimwalirireni Ziblim, mwana yekhayo wa a Damata, amene anakwiririka m'dzenje la golide kummwera ndipo mtembo wake sunabwere, mayiyo ankadzuka anthu ali m'tulo n'kupita pamlambe wa kumphambano kukamuitana. Ankayankhula naye, nthawi zina n'kumusiyira chilazi chootcha. Bambo a Napari, a Alidu, ankangowalondola mwakachetechete n'kuwabweza. "Za m'nyumba muno zithere muno," ankatero.

Tsiku la msika litafika, Napari anaima pansi pa mtengo n'kuyamba kuphunzitsa. Anthu ankangomuseka.

"Adokotala a amisala, tabwerani mudzayeze mlamu wangayu!"

"Misala ndi ya osuta chamba ndi olodzedwa, mwana iwe. Kwathu kuno kulibe."

Zinamuwawa. Anakumbukira mawu a mphunzitsi wake, akuti ukafuna kuchotsa manyazi pa matenda amenewa uyambe ndi a kwanu. Ndiye anakweza mawu. Ananena kuti ngakhale azakhali ake enieni amayenda usiku, amayankhula ndi mwana wawo wakufa, amamupatsa chakudya pamlambe, ndipo si misala, ndi chisoni chabe chimene chili ndi mankhwala. Msika wonse unangoti zii. Napari, kalanga ine, anayesa kuti wawakhudza mtima! Anabwerera kunyumba akumwetulira.

Kutentha kutafika pachimake, imfa inalowa m'mudzi. Anayamba ndi mwana wa wosula makasu. Anadandaula mutu m'mawa, madzulo khosi linali gwa, ndipo m'mawa mwake anamuika. Kenako anatsatira mtsikana wongokwatiwa kumene, zojambula za ukwati zisanafufutike m'manja mwake. Anthu anayamba kunong'ona pachitsime. Wina anaona kamoto kofiira kakuyenda m'nthambi za mlambe. Wina anamva fungo la shiya wopserera pakhomo la wakufayo, pamene panalibe wophika. Koma chimene chinaopsa onse chinali phokoso: phwa, phwa, phwa, ngati munthu akumenya mafuta m'beseni, pa nthawi imene palibe mkazi amenya mafuta. Agalu, amene amauwa ngakhale tsamba likagwa, ankangolira m'mphuno n'kubisala.

Napari ankawadziwa matendawo. Anali oumitsa khosi, amene amabwera ndi fumbi ndi kutentha. Anauza aliyense kuti wodwala mutu athamangire naye kuchipatala, koma ndani akanamvera mwana? Ndipo iye mwini, tsiku lina kusanache, anadzidzimuka ndi phokoso lija. Linkachokera kutali, cha kumphambano. Anatambasula dzanja mumdima, n'kukhudza phewa la azakhali ake. Anali pomwepo pamphasa, akupuma mwakachetechete, ali m'tulo tofa nato.

Wachitatu kudwala anali Sumani, mnyamata wa msinkhu wa malemu Ziblim. Amayi ake, a Adisa, anabwera akuthamanga, mpango uli m'manja.

"Napari, mwanangu, ukuti umadziwa za mitu. Sumani wayamba kuona zinthu!"

M'kachipindamo munali modzaza, anthu ena ali pakhomo, ena pazenera. Munkanunkha thukuta ndi utsi wa zitsamba. Sumani anali chigonere, maso ali tong'o kudenga.

"Akubwera! Achotseni! Andikhalira pachifuwa!"

Napari anagwada n'kumugwira dzanja. Kusukulu anamuphunzitsa kuti wodwala woona zinthu osamutsutsa. Umusiye anene chimene akuona, pakuti mantha akatchulidwa amachepa. Anayankhula mofatsa, monga ankachitira m'kalasi.

"Ndili pano, Sumani. Ukuona ndani? Nena, usaope."

Amayi amene anali pakhomo anagwira pakamwa. Ha! Zaka zochepa za sukulu zinamuiwalitsa chimene ngakhale mwana woweta nkhanga amadziwa: wodwala safunsidwa amene wamuona kutulo. Dzina likatuluka m'kamwa mwa wodwala, silibwereranso.

"A Damata," anatero Sumani. "Manja awo ali mafuta okhaokha. Akunditchula Ziblim."

"Ayi!" Napari anadzuka. "Ndi kutentha kwa thupi uku, akungobwebweta!"

"Wamisala anaona nkhondo," anayankha munthu wina pazenera.

"Si iwe wemwe unatiuza pamsika kuti amayenda usiku?"

"Ndi kudyetsa akufa pamlambe. Tsopano akufuna mwana wolowa m'malo."

Napari anakakamira mpaka mkulu wake wa Sumani anavomera kumukweza wodwalayo panjinga yamoto kupita kuchipatala. Koma pamene ankafika kunyumba, miyala inali itayamba kale kugwa padenga. A Damata anakhala pakona, atakumbatira maondo. Napari anafunitsitsa kuti amukalipire, amumenye kumene, koma iwo anangomusendezera mbale ya chakudya.

Kutacha anthu anawatengera a Damata kwa tindana, wansembe wa nthaka, pansi pa mitengo imene sidulidwa. Mudzi wonse unali pomwepo. Nkhuku ikadulidwa khosi n'kuponyedwa, ikafa chagada munthu alibe mlandu, ikafa chafufumimba ndi mfiti. Napari anali atakonza mawu ake usiku wonse. Adzanena za matenda oumitsa khosi. Adzalumbira kuti anamva phokoso lija azakhali ake ali m'tulo pambali pake.

Nkhuku inaphupha, inadumpha, inagudubuzika m'fumbi, kenako inangoti phi, chafufumimba.

Mfuu imene inabuka pamenepo inaulutsa mbalame m'mitengo. Ndiye mayi wa mwana wa wosula uja anatulukira kutsogolo, maso atatupa ndi kulira, n'kuloza Napari.

"Nanga uyu? Wakulira m'mbale yawo. Ufiti amapatsirana m'chakudya."

"Zoona! Anadziwa bwanji funso loti afunse?"

"Bweretsani nkhuku ina!"

Tindana anakweza dzanja n'kumuyang'ana Napari. Anali nkhalamba yofatsa, ndipo anafunsa ngati akufunsa njira.

"Umagona nawo chipinda chimodzi. Amatuluka usiku, kapena satuluka?"

Nthawi yake inali imeneyo. Napari anaona miyala m'manja mwa anyamata amene anasewera nawo ali ana. Anaona nkhuku yachiwiri ikubwera, mutu uli pansi. Mawu onse amene anakonza anasungunuka.

"Amatuluka."

"Amakachita chiyani?"

"Sindidziwa. Ine ndimakhala ndili m'tulo."

Mpeni unali utafika kale pakhosi la nkhuku pamene a Damata anayankhula. Mawu awo anali omveka bwino, osanjenjemera ngakhale pang'ono.

"Isiyeni nkhukuyo, musawononge chiweto cha eni. Ndine ndekha. Mwana wa wosula ndine, mkwatibwi uja ndine. Uyu ndinayesa kumupatsa ali wamng'ono, analavula. Ndinayesanso chaka chino, anakana. Mukuganiza kuti wandiulula chifukwa chiyani?"

Anthu anang'ung'udza, n'kuyamba kumuyang'ana Napari ndi maso ena. A Alidu anaweramitsa mutu. Chigamulo sichinachedwe: a Damata achoke dzuwa lisanafike pamutu, apite kumudzi wa amayi othamangitsidwa, kutsidya kwa mtsinje, kumene sabwerako.

Anawamangira kamtolo ka nsalu ndi kamphika kamodzi. Njinga yamoto yowatenga ikulira, anthu ataima chapatali, Napari anayandikira. A Damata anayankhula mano ali pamodzi, osamuyang'ana.

"Usalire pano, akukuona. Ndilavulire."

"Azakhali!"

"Ndati ndilavulire, chitsiru iwe. Ukufuna ndipite chabe?"

Ndipo Napari anawalavulira. Malovu anagwera pansalu, pachifuwa pamene iye ankatsamira ali mwana. Amayi ena anaimba nthungululu.

Sumani anachira. Mvula yoyamba inagwa sabata yomweyo, fumbi linagona, ndipo sipanafenso munthu. Napari ankadziwa kuti jakisoni ndiye anachiza Sumani ndipo matenda aja amatha okha mvula ikagwa. Koma akanauza ndani? Mudzi wonse unkati taonani, mfiti yachoka, imfa yachoka. A Adisa anabweretsa mazira a nkhanga. Wosula anabweretsa zilazi. Amene ankamuseka pamsika tsopano ankamupatsa moni atawerama. "Sukulu ija si yachabe," ankatero. "Amawaphunzitsa kufunsa."

Chakudya chinamukanika. Akatseka maso ankaona malovu aja akutsetsereka pansalu. Ankadzida, ankanyansidwa ndi manja ake omwe. Anaganiza zopita kutsidya kukagwada, koma kupita kumeneko kukanakhala kuvomera kuti ali limodzi, ndiye kuti bodza la azakhali ake lapita pachabe. Anaganiza zothawira ku Tamale tchuthi chisanathe, koma nkhope ya mphunzitsi wake akanaiyang'ana bwanji? Namwino wanji amene wodwala wake woyamba anamuperekeza ndi malovu?

M'mawa wina anadzuka mapazi ali matope okhaokha. Anapeza bambo ake atakhala pakhomo la chipinda, maso ali psuu.

"Ndakupeza pamlambe," anatero a Alidu motsitsa mawu. "Umaitana azakhali ako. Aka si koyamba."

"Wandiona wina?"

"Sindikudziwa. Kunali mdima. Koma phokoso lija ndinalimva, Napari. Linali pafupi ndi pamene unaima."

Matenda oyenda m'tulo anali ndi dzina m'mabuku ake, ndipo iye ankalidziwa bwino lomwe. Analitchula chamumtima kangapo, koma thupi silinaleke kuzizira. Asanasambe n'komwe, kunja kunamveka odi. Anali Fati, mkazi wa kuseri kwa mzikiti, atabereka kamtsikana kake kofooka, ndipo pambuyo pake panali amayi ambiri ndithu. Anakagoneka pamphasa pabwalo. Thupi linali moto.

"Usiku wonse wakhala akukuwa kuti kuli munthu pazenera," anatero Fati. "Mufunseni, anamwino, monga munamufunsira Sumani."

Napari anagwira khosi la mwanayo. Linali lofewa.

"Ndi malungo awa, mayi. Thamangani naye kuchipatala."

"Tipita. Koma mufunseni kaye."

"Sindifunsa."

Amayi aja anayang'anizana. Wina anatsitsa maso n'kuona mapazi a Napari, n'kugwedeza mnzake ndi chigongono.

"Bwanji lero simufuna kufunsa?"

"Chonde, amayi anga, mwanayu akufunika mankhwala."

"Chabwino," anatero Fati. "Funsolo tonse tinalimva. Ndifunsa ndekha."

Anagwada, n'kugwira dzanja la mwana wake mofatsa, ndendende monga anachitira Napari tsiku lija.

"Ndili pano, mwanangu. Waona ndani? Nena, usaope."

Kamtsikanako kanatsegula maso. Kanayang'ana amake, kanayang'ana amayi aja mmodzimmodzi, kenako maso ake anafika pa Napari n'kuima. Kadzanja kanayamba kunyamuka pamphasa. Napari anatembenuka kuyang'ana pakhomo la chipinda chawo, ngati mwana wofuna kobisala. Koma munthu yekhayo amene akanaimirira n'kunena kuti "ndine ndekha" anali kutsidya kwa mtsinje, ndi malovu a Napari pansalu yake.