Mapadi Awiri, Wosewera Mmodzi

Chichokereni kuchipatala, Ayman sankatuluka m'chipinda. Makina ochekera matabwa kushedi ya bambo ake ku Biwi anali atamudula zala zitatu za dzanja lamanja. Mnyamata amene ankasokosa mpaka oyandikana nawo kudandaula tsopano ankangogona, maso kudenga. Anzake akabwera, ankatuma mlongo wake wamng'ono, Zulekha, kukanena kuti wagona.

Zimenezi zinkamudya mtima Zulekha. Pabalaza panali kompyuta yakale imene amalume awo anawasiyira, pamodzi ndi mapadi awiri, tizipangizo ta mabatani tosewerera mpira. Kale Ayman ankamuchinya zigoli zisanu uku akumuseka. Tsopano mapadiwo ankangodya fumbi.

Loweruka lina m'mawa Zulekha anamunyengerera mpaka analola kusewera. Koma padi imafuna manja awiri: lamanzere lithamangitse wosewera, lamanja limenye mpira. Ayman akati adine batani limodzi ndi chikhatho chake cha bandeji, ankadina atatu. Pomva chisoni, Zulekha anayamba kutaya mipira dala, ngakhale goloboyi nkumuchotsa pagolo. Ayman anachinya zigoli ziwiri, kenako anaika padi pansi.

"Ndaduka zala, osati mutu," anatero. "Chisoni chakocho sunga."

Analowa kuchipinda nkutseka chitseko. Zulekha anagwidwa ndi manyazi. Ankati akumusangalatsa, osadziwa kuti akumutosa pachilonda.

Sanachoke pakompyutapo. Anatsegula pamene amasankhira ntchito ya batani lililonse nkuyamba kuyesayesa. Poyamba mapadi onse anangoti zii. Anazula zingwe nkuzilumikizanso, koma osewera anayamba kuthamanga chobwerera m'mbuyo ngati aledzera. Dzuwa linafika paliwombo iye akulimbana nazo. Mwadzidzidzi anatulukira kuti wosewera mmodzi angathe kumvera mapadi onse awiri. Choncho kuthamanga anakuika pa padi yoyamba, mbali ya dzanja lamanzere, ndipo kupatsira ndi kumenya anakuika pa yachiwiri.

Anathamanga kukaitana Medson, mnzake wa Ayman, kuti adzapikisane nawo pa kiyibodi. Panjira anamuchenjeza kuti akangoyerekeza kuwachitira chifundo, pakhomo pawo asadzapondenso. Atafika anagogoda pachitseko cha mchimwene wake.

"Achimwene, Medson akuti nyumba ino yatha osewera. Inu muzithamangitsa, ine ndizimenya. Padi yanga payokha sikusuntha munthu, ndipo sindikunama ayi."

Panapita kanthawi, kenako chitseko chinatseguka.

Masewerawo anali ochititsa manyazi, tisabise. Ayman ankapyola otchinga kumbuyo bwinobwino, koma Zulekha ankamenya mpira asanafike pagolo, pena mochedwa. Medson naye anasunga pangano mopitirira muyeso: anawachinya zinayi kwa duu, nkumavina pampando.

"Menya tsopano, iwe!" Ayman anakuwa. "Ukudikira kalata?"

Mayi awo, amene ankachapa kuseri, anamva phokosolo nkubwera manja ali thovu. Anaima pakhomo nkumawayang'ana. Unali mwezi wathunthu asanamve mwana wawo akukalipa chonchi, ndipo misozi inalengeza m'maso mwawo.

Mpira utatha Medson anadzuka nkudziwongola monyada. Ayman anamukoka malaya ndi dzanja la bandeji lija, limene masiku onsewa ankalibisa m'thumba.

"Ukupita kuti? Khala pansi tibwereze. Zulekha, ndikangoti menya, uzimenya."