Khadi la Okondana

Tsiku limene Lumo anakumana ndi mnyamata uja, pepala linali litangomucheka chala. Dzina la Lumo anamupatsa ndi anzake a pashopu yosindikizira mabuku, chifukwa makina odulira mapepala ankayendetsa ndi iye, komanso pakamwa pake panali pakuthwa.

Mnyamatayo anabwera ndi zithunzi zojambula yekha kuti zisindikizidwe pa mapepala olimba.

"Ndi makhadi a juga awa?" anafunsa Lumo akuyamwa chala.

"Ayi achemwali, awa ndi a taroti. Chithunzi chilichonse chimanena za ulendo wa moyo wa munthu. Tasankhani limodzi."

Anasankha. Linatuluka la mafupa a munthu atakwera hatchi.

"Mayo ine! Ndifa?"

"Simufa. Khadi la imfa limati chakale chikutha, chatsopano chikubwera." Anamwetulira. "Mwina chatsopanocho chaima patsogolo panu."

Lumo anaiwala za chala chake chija n'kumwetulira.

Pashopu anamutcha Amakhadi. Nthawi yopuma masana ankabwera, n'kukhala pa katoni ya mapepala, n'kuyamba kuphunzitsa. Nsanja yowombedwa ndi mphezi ndi kunyada kukugwa. Nyenyezi ndi chiyembekezo.

"Buda anaphunzitsa kuti mavuto a munthu amachokera pa kukakamira zinthu zosakhalitsa," ankatero. "Choonadi n'chimodzi, duwa langa, anthu amangochitcha maina osiyana."

Kunena zoona, Lumo ankamva theka lokha. Koma mawuwo ankamukomera, ndipo mtima wake unagwa chagada.

Tsiku lina Amakhadi anasolola khadi la okondana: mwamuna ndi mkazi, mngelo atatambasula mapiko pamwamba pawo.

"Pa makhadi onsewa ili limakhala limodzi lokha. Lisunge, wapamtima. Makhadi anga sadzakwananso mpaka tsiku limene ndidzakuveke mphete."

Akanakayika bwanji? Si anawadula yekha makhadiwo? Ankadziwa kuti linalidi limodzi. Analilowetsa kuseri kwa foni, m'kati mwa kava.

Mkulu wake atamva anapukusa mutu. "Mng'ono wanga, mwamuna wolankhula ngati buku uzimuopa."

"Inu achemwali munazolowera alamu ongolankhula za mpira," anayankha Lumo, onse n'kuseka.

Kuseka kuja sikunachedwe kutha. Amakhadi anayamba kusowa, katoni ija n'kumangokhala yokha masana.

"Uli kuti, wokondedwa? Ndakusowa," Lumo ankalemba choncho pafoni.

Yankho linkafika mawa lake. "Ndili kosinkhasinkha, duwa langa. Usandikakamire. Chikondi chokhwima chimamasula dzanja."

Ndiye onani tsoka la mwana wa eni ake! M'malo momukayikira mnyamatayo, anadziimba yekha mlandu. Ankakhala pamphasa atapinda miyendo, maso ali tsinzinu, kupuma pang'onopang'ono monga anaphunzitsidwira, ati nsanje ichoke. Misozi ikamatsika ankati ndi kusakhwima kwake. Mphete ikubwera, nanga adandaulirenji?

Tsiku lina m'mawa abwana anabwera ndi mtolo wa mapepala.

"Lumo, makina odulira a shopu ya kuseri kuja afa. Tawadulira ntchito iyi, ukawapatsire. Kasitomala wawo akudikira."

Lumo anavundukula pepala loyamba.

Okondana. Mzere woyamba okondana, wachiwiri okondana, mpaka pansi. Pepala lachiwiri chimodzimodzi. Panalibe nsanja, panalibe nyenyezi. Anatulutsa khadi lake kuti afanizire. Ngakhale kadontho ka inki pa phiko la mngelo kanali pomwepo!

Amakhadi anachenjera popita kushopu ina. Chimene sanadziwe n'chakuti osindikiza amabwerekana makina ngati mchere.

Lumo ntchito anaidula bwinobwino, makona onse ofanana. Chitsulo chikatsika, ankamva ngati chikudutsa pachifuwa pake. Khadi lililonse linali la mtsikana wina, lonjezo lake lomwelija. Anali angati anzake osunga mngelo kuseri kwa foni?

Anawanyamula yekha. Atafika pakhomo la shopu ija anaima chilili. Amakhadi anali pa katoni ya mapepala, atatambasulira makhadi mtsikana wapakauntala.

"Tasankhani limodzi, achemwali."

Lumo anatsitsa mtolo uja pakati pawo.

"Katundu wanu uyu, bambo."

Amakhadi anadzambatuka. "Duwa langa! Dikira ndikufotokozere. Ukudziwa kuti zonse za m'dziko n'zosakhalitsa…"

"Ndi mphete yomwe?"

Mphunzitsi wa choonadi anayamba kutolera makhadi ake.

Lumo anatulutsa khadi lake, lofwifwa m'mbali chifukwa cholipsompsona, n'kuliika pamwamba pa atsopano aja.

"Munati makhadi anu sadzakwana popanda ili. Akwana tsopano, mpaka kutsala." Anatembenukira mtsikana uja. "Mnzanga, lanu lili momwemo. Ndadula ndine."

Anatuluka osacheuka. M'njira anayesa kupuma pang'onopang'ono, koma mpweya unkakana kutsika. Dzanja anamasuladi monga anamuphunzitsira. Nanga bwanji palibe anamuuza kuti dzanja lomasula limabwerera lopanda kanthu?

Atafika pa makina ake foni inalira, uthenga wa Amakhadi. "Usakwiye wapamtima, mkwiyo ndi unyolo."

Anaitembenuza chafufumimba kuti asawerengenso. M'kati mwa kava, pomwe pankakhala khadi lija, munatsala chidindo chotuwa chamakona anayi. Anachipukuta ndi chala, anachipukuta ndi malaya, koma sichinachoke.