Wakuda Mmodzi M'kanema wa Armindo

Quitéria anakumana ndi Armindo ku Cassacatiza, m'malire a Mozambique ndi Zambia, mu 1991, tsiku lomwe magalimoto anafika moperekezedwa ndi asilikali. Mtsikanayo ankagulitsa nthochi m'mbali mwa msewu. Armindo anatsika atasenza televizau, atavala jekete lachikopa dzuwa likuswa mtengo. Ankachokera ku Alemanya, dziko la azungu, komwe anagwira ntchito m'fakitale ya nsalu zaka zisanu.

Anagula nthochi ziwiri zokha, koma anaima pomwepo mpaka dengu linatha.

Pasanathe mwezi anali atayamba kumutcha "duwa langa", ndipo makalata ankabwera onunkhira sopo wachilendo.

"Akazi kunali mbwee kumeneko, koma mtima wanga ndabwera nawo wosatsegula. Ndi wako, Quitéria."

Ndani akanakana mawu otere?

Mayi ake a Quitéria anali atamanga kale katundu. Loweruka ankawolokera ku Zambia kuthawa nkhondo, ndipo anauza mwana wawo kuti asankhe, kupita nawo kapena kutsala ndi wa jeketeyo. Iye anasankha kutsala.

Lachisanu masana Armindo anaonetsa kanema m'kalasi la ku mishoni, mawindo atatsekedwa ndi masaka, jenereta ya a padiri ikulira panja. Anali kanema wakale woseketsa, wa mnyamata wophika buledi amene ankafunsira mwana wa munthu wolemera, n'kumangogwa panjinga pamaso pa apongozi. Armindo anaima pambali n'kumamasulira mawu onse m'Chinyanja. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti.

Quitéria yekha mutu sunkamuyenda. Si Armindo yemweyu ankati kumeneko kunali anthu zikwizikwi a ku Mozambique, Angola ndi Vietnam? Nanga bwanji m'misewu, m'sitima, m'masitolo munali azungu okhaokha?

"Inuyo munkakhala kuti?" anamunong'oneza.

Armindo anati kanemayo ndi wakale, ndiponso m'makanema awo anthu ngati ife sationetsa. Nsalu zimene avalazo timaluka ndife, koma pojambula amatiiwala. Quitéria anamumvera chisoni, n'kumukonda koposa.

Wophika buledi uja atakwatira, Armindo anafuna kuzimitsa. Akuluakulu anakana. Ku Cassacatiza munthu sadzuka chinthu chikadayaka, ndipo mafuta m'jenereta anali akadalimo. Chithunzi chinachita chipwirikiti pang'ono, kenako chinabwerera. Armindo anali ataiwala kuti kanemayo anamujambulira pa kaseti imene inali kale ndi zina, ndipo zakumapeto sizinafufutike.

Panaoneka kachipinda, mzimayi wachizungu akudula keke. Kenako munalowa munthu wakuda.

"Ndi Armindo!"

Kalasi lonse linaomba m'manja, Quitéria kuposa onse. Mwamuna wake m'kanema wa azungu! Mzimayi uja atamupsompsona, Quitéria anadziuza kuti ndi sewero, wophika buledi nayenso amatero. Koma bwanji m'seweroli simunali nyimbo? Bwanji chithunzi chinkagwedera?

Kamwana ka tsitsi lopotana kanathamangira m'miyendo mwa Armindo, makutu ake ofanana ndendende ndi a Armindo.

"Papa!"

Manja analeka kuomba. Quitéria anatembenukira kwa Armindo, akuyembekezabe kuti amuuza kuti ndi nthabwala za ku Alemanya.

"Mwasiyiranji kumasulira?"



Loweruka m'mawa Quitéria anasenza mtolo wa mayi ake, n'kuwoloka malire osacheuka.