Chingwe cha Pampando wa Amayi

Chilape! Mukati nachize, nachi: awiri akwatirana kukadali kotentha, koma nkhoswe ikachoka msanga banja latha. Ndagi zambiri ndinazimva kwa agogo anga. Iyi yokha ndapeka ndekha, ndipo yankho lake limandiwawa.

Kwathu ku Luveve tinkakhala mwamtendere. Bambo anga, a Laston, anali kalipentala ku Belmont, ndipo Loweruka masana ankapala matabwa kuseli kwa nyumba. Chaka chimene nkhondo yaikulu inayamba, amayi anali oyembekezera. Bambo anati awapangire mpando woyedzamira kuti asamavutike kudzuka pamphasa.

Zopanira zachitsulo zinali za kuntchito, kunyumba ankapana ndi chingwe. Anasungunula guluu wa zikopa m'chitini, napaka m'mabowo, nalowetsa miyendo. Kenaka anakulunga chingwe n'kuchipota ndi kamtengo mpaka matabwa analira.

"Evelina, iwe maso ako amakhala kumitambo," anatero. "Chingwechi usachikhudze mpaka mawa. Guluu akazizira matabwa atatayana, sagwiranso."

Atangopita kumsonkhano wa kutchalitchi, anatulukira Mable, mnzanga wa nyumba yoyandikana, akufuna chingwe choti tidumphe. Ndinakana kawiri.

"Woza, iwe, tiye," anandikoka akuseka. "Mpandowu miyendo ulidi nayo inayi, koma unauonapo mpando ukuthawa?"

Ndinamasula. Tinadumpha mpaka fumbi linatifika m'mawondo. Titatopa ndinabwezera chingwe, n'kuchipota monga ankachitira bambo. Mpando unkaoneka chimodzimodzi. M'mawa bambo anaugwedeza nati wagwira. Ine ndinangoti chete.

Patapita milungu itatu, amayi anakhala pampandopo akusoka timalaya ta khanda. Mwendo wakumbuyo unazuka, iwo nagwa chagada pamwala wa pakhomo. Anawathamangitsira kuchipatala. Anabwerako patatha masiku anayi, chimanjamanja.

Bambo anatola mwendo uja n'kuuyang'anitsitsa. Guluu anali atauma gwa, akunyezimira, koma sanagwire kanthu. Anati dzanja lawo ndi limene lakalamba, napachika macheka awo kudenga. Pamenepo m'pamene pakamwa panga panatseguka. Ndinagwada, n'kunena zonse. Sanandimenye, kukanakhala bwino akanandimenya. Anangofunsa chifukwa chimene sindinanenere m'mawa uja, pamene kumatula ndi kupakanso guluu kukanangotenga theka la tsiku.

Nkhoswe ya m'ndagi yanga ndi chingwe chija. Atsikana anzanga, chimene wamkulu wamanga musamasule, ngakhale kwa kanthawi kochepa. Mukamasula, nenani tsiku lomwelo. Kusamvera kwanga kunafooketsa mpando, koma chimene chinagwetsa amayi ndi kukhala chete kwanga. Mulungu ndamupempha chikhululukiro. Amayi anandikhululukira, komabe sindinayambe kuwayang'ana m'maso.

Dzulo mng'ono wanga Mildred, wa zaka zinayi, anapeza timalaya tija pansi pa bokosi. Anabwera nato tonse tili pakhonde, natiyala pamiyendo panga.

"Achemwali, kodi mwini wake wa timalayati afika liti?"