Mfundo Zitatu Kuseri kwa Kolala

Linali Lachiwiri m'mwezi wa Juni, chaka cha 2013, chiperoni chitameza phiri la Michiru lonse. Pa siteji ya minibasi ku Chilomoni aliyense anali atadzikulunga mu juzi. Petronela yekha ndiye amadzikupiza ndi kachidutswa ka katoni, thukuta likuyenderera m'khosi.

Anali telala wa zaka 46, wosakwatiwapo, mwana wa Asena a ku Nsanje. M'makutu anali ataikamo thonje chifukwa kukuwa kwa oyitanira kumamubaya m'mutu. Chibadwire anali choncho. Phokoso samalifuna, munthu samamuyang'ana m'maso, koma mawu kapena nambala imene wamva kamodzi samaiwala. Anthu amangoti "ndi mmene alili," uku akupinda milomo.

"Mayi, khalani kuwindoku mphepo ikuombeni," anatero bambo wina atakwera, akumupatsa malo.

Petronela anayang'ana pachifuwa pa bamboyo.

"Batani lanu lachitatu alisoka ndi ulusi wakuda. Malayawa ndi oyera."

"Ndiye moni wanu ameneyu?"

"Si moni. Ndi ulusi wolakwika."

Bamboyo anaseka chapansipansi, mosasokosa, ndipo Petronela anakukonda kuseka kumeneko. Dzina lake anali Herbert. Anati amagulitsa zipangizo za zigayo ku Chirimba, ndipo mkazi wake anamwalira zaka zinayi zapitazo. Asanafike m'tauni anali atatenga nambala ya foni, akuti ya nkhani ya batani.

Batani linasokedwa Lachinayi. Nanga batani limodzi limatenga miyezi itatu?

Herbert amabwera Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse, 2 koloko masana osaphonya, anthu oyandikana nawo ali kuntchito. Nyumba ya Petronela inali kumapeto kwa kanjira, makina osokera ali pabalaza. Mwamunayo anaphunzira msanga kulankhula monong'ona, kusagogoda mwamphamvu, ndi kusasuntha maulusi amene anali atandandalikidwa pawindo motsata mitundu.

Mameseji nawo amagwa ngati mvula.

"Nela wanga, duwa la m'chiperoni, wadya?"

"Ndadya mbatata ziwiri. Maluwa sadya."

"Iwe ndiwe mtima wanga wonse. Ukaseka, Chilomoni yonse imawala."

"Magetsi azima kuyambira m'mawa. Koma zikomo."

Musamuseke. Petronela anali asanakondedwepo, ndipo mawu aliwonse amawatenga monga mmene anenedwera. Anamusokera Herbert malaya amtundu wa phulusa. Miyezo sanalembe m'buku ngati matelala ena, anaisunga m'mutu monga mwa nthawi zonse. Kuseri kwa kolala anamanga timfundo titatu ta ulusi wobiriwira, chizindikiro chimene amaika pa chovala chilichonse chochoka m'manja mwake. Herbert sanationepo.

Tsiku lovala malayawo Herbert anamugwira dzanja.

"Mvula yoyamba isanagwe, amalume anga adzakaonekera kwanu. Ndikanama undiiwale. Koma tisauze anthu, tidikire zipse."

"Ine sindiiwala," anayankha Petronela.

Koma zoona zake n'zakuti anali atayamba kuiwala, ndipo izi zimamuopsa kuposa chilichonse. Tsiku lina sizasi anaipeza mu ndowa ya ufa. Tsiku lina anagwira singano, dzina lake n'kumuthawa pakamwa. Moto umamuyakira m'thupi mwadzidzidzi, n'kuzimanso. Mawu a wailesi ya kutsidya kwa msewu, amene kale amawapirira, tsopano amamuliza misozi. Nthawi zina amamva makina akulira phazi lake lili pansi.

Anauza Herbert yekha. Anamuuzanso za mayi ake, amene pa msinkhu womwewu anayamba kulankhula okha, abale n'kuwamanga manja ndi chitenje kupita nawo kuchipatala cha amisala ku Zomba. Anabwerako ali chete, ndipo anakhala chete mpaka tsiku la imfa yawo.

"Ndikuopa kuti mutu wanga ukutsata njira yawo."

"Ndilipo ine, wokondedwa. Ukaiwala ndizikukumbutsa."

Lachinayi lina m'mwezi wa Seputembala, Herbert atangokhala pampando, Petronela anati:

"Ndili ndi nkhani. Ndasiya kusamba. Uno ndi mwezi wachitatu."

Iye amangopereka lipoti la thupi lake, ngati mmene akananenera kuti ulusi woyera watha. Herbert anayang'ana kuchitseko.

"Wauzako ndani?"

"Inu nokha."

"Chabwino. Kandiphikire tiyi, mtima wanga. Wamkaka."

Mbaula inali kuseri. Madzi anatenga mphindi khumi ndi ziwiri kuti awire. Pobwera ndi makapu anapeza mpando uli wokhawokha, utakankhidwira pansi pa tebulo bwinobwino, ngati sipanakhale munthu.

Chipewa cha Herbert chimene chimakhala pa msomali kuseri kwa chitseko panalibe. Chithunzi chake chimene chimakhala mu kabati ya makina munalibe. Anatsegula foni imene anaisiya patebulo. Mameseji a makasitomala analipo, a mng'ono wake Angela analipo, koma a Herbert, onse 214, munalibe ngakhale imodzi. Dzina lakenso munalibe.

Nambala anali nayo m'mutu. Anaimba. Mawu achikazi anamuuza kuti nambalayo sikupezeka.

Lachiwiri anadikira ndi makapu awiri. Lachinayinso. Kanjira kanali zii.

Angela anabwera kuchokera ku Machinjiri atamva kuti achemwali ake sakutsegula chitseko kwa makasitomala. Anamvetsera nkhani yonse, nkhope ikusintha pang'onopang'ono.

"Achemwali, mwamuna ameneyu anamuonapo ndani?"

"Ine."

"Kupatula inu?"

Angela anapita kukafunsa gogo wa kuseri kwa mpanda, munthu yekhayo amene amakhala pakhomo masana. Anabwerako maso ali ofiira.

"Akuti amakumvani mukucheza, mukuseka, Lachiwiri ndi Lachinayi. Koma mawu amamveka amodzi okha. Anu."

"Amalankhula monong'ona. Amadziwa kuti phokoso limandipweteka."

"Amayi nawonso amatero," anatero Angela motsitsa mawu.

Patatha sabata, Petronela anamuona mwamuna uja. Anali pa siteji pomwe paja, dzuwa likuswa mtengo, atavala malaya ena. Petronela anathamanga mpaka thonje linagwa m'khutu.

"Herbert!"

Bamboyo anatembenuka. Nkhope inali yomweyo, kachipsera ka pachibwano komweko. Koma maso anali a mlendo, ndipo mawu anatuluka okweza, oti siteji yonse imve.

"Mayi, mwandifanizira ndi wina. Ine sindikukudziwani."

"Munati mvula isanagwe."

"Abale, mayiwa ali ndi owayang'anira?"

Anthu anayamba kuunjikana. Wina anati, "Si telala uja ameneyu? Zayamba basi." Minibasi inanyamuka naye, Petronela n'kutsala ataphimba makutu ndi manja. Kodi munthu angakane chonchi nkhope imene waipsompsona? Kapena ndiye kuti analidi mlendo, ndipo mutu wake unangobwereka nkhope ya munthu wa pa siteji n'kumuumbira mwamuna?

Angela anapita naye kuchipatala chaching'ono. Namwino wachikulire anamufunsa modekha, n'kumuuza kuti pa msinkhu umenewu thupi la mkazi limasintha. Kusamba kumadumphadumpha kenako n'kuleka, thupi limatentha, mutu umachita chifunga.

"Ndipo ngati munabadwa ndi makutu osapirira phokoso, nthawi ino zimanyanya. Izi si misala ayi, mayi."

"Nanga kuona mwamuna woti kulibe?" anafunsa Angela.

Namwino anaika cholembera pansi. "Zimenezo ndi zina. Mukaonane ndi adokotala a matenda a maganizo."

Anagwirizana kuti Loweruka atseke nyumba, Petronela akakhale ku Machinjiri, Lolemba apite ku Zomba. Sanakane. Munthu amene moyo wake wonse anadalira mutu wake anali atausiya kuukhulupirira, ndipo chisoni chake chinali pawiri. Amalira mwamuna amene wamutaya, n'kumaopanso kuti mwina sanamupezepo n'komwe.

Loweruka m'mawa zikwama zinali pakhomo, makina ataphimbidwa ndi chitenje. Kenako wina anaodira. Anali mayi wonenepa bwino, wansangala, atanyamula jumbo.

"Ndine Clara, ndachokera ku Chirimba. Akuti kuno ndiye kuli telala wodziwa kuika chigamba chosaoneka."

"Sakusokanso," anatero Angela.

"Ingoonani kaye, amayi. Bambo akunyumba ndinawapeza akuotcha malaya awa kudzala, akuti ali ndi tsoka. Malaya okongola chonchi? Ndinawalanditsa dzanja limodzi lokha litapsa."

Anawatulutsa n'kuwatambasula. Anali amtundu wa phulusa, akununkhabe utsi.

Petronela sanawakhudze. Anaika manja kumbuyo ngati mwana woopa kuswa mbale.

"Angela, tembenuza kolala. Usandiuze chimene waona. Ndikuuza ndine. Kumanzere, pafupi ndi msoko, pali mfundo zitatu za ulusi wobiriwira."

Angela anachidziwa chizindikirocho, pakuti chinali pa diresi lake lililonse kuyambira la ubatizo. Anatembenuza kolalayo. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anakhala pansi pa simenti.

"Mayi, amuna anu dzina lawo ndani?" anafunsa Angela.

"A Herbert. Bwanji kodi?"

"Ali ndi chipsera pachibwano," anatero Petronela. "Khosi mainchesi sikisitini ndi theka. Phewa lamanja ndi lotsika. Anati inu munamwalira zaka zinayi zapitazo."

Nsangala zija zinathera pomwepo. Clara anafufuza mpando ndi dzanja n'kukhala. Sanakuwe, sanatukwane. Anaoneka ngati munthu amene aka sikanali koyamba kumva za maliro ake.

"Anakuthawani liti?"

"Pa 12 Seputembala, 2 koloko itapitirira ndi mphindi makumi awiri."

"Munayambana?"

"Ayi. Ndinangomuuza kuti, 'Ndasiya kusamba. Uno ndi mwezi wachitatu.'"

Angela ndi Clara anayang'anana. Chimene Petronela anachisinkhasinkha masabata asanu osachipeza, iwo anachimva nthawi yomweyo.

"Achemwali, iye anamva kuti muli ndi pakati."

"Pakati? Ine ndimanena kuti ndikukula."

Apa m'pamene zonse zinalowa m'malo mwake. Tiyi wamkaka uja. Foni imene anaisiya patebulo. Herbert amadziwa za sizasi ya mu ufa, amadziwa za chitenje chimene anamangira mayi ake, ndipo anasankha dala kuti mkazi amene amamutcha duwa apite ku Zomba, bola mimba yoti kulibe isatchule dzina lake. Munthu uja analonjeza kuti azimukumbutsa!

Angela anamugwira mwendo akulira. "Ndikhululukireni. Ndikanakusiyani kumeneko."

Petronela samakonda kugwidwa, koma ulendo uno sanachotse mwendo. Misozi imatsika yokha. Zinamupweteka kwambiri, komabe pansi pa ululuwo panali mpumulo umene sanaumve chiyambire Seputembala.

"Analipo," anatero. "Anali wabodza, koma analipo."

Anatenga malaya aja, n'kutulutsa lezala mu chitini cha mabatani. Anadula kachidutswa ka kolala kokhala ndi mfundo zitatu zija, n'kukaika mu bokosi la machesi. Malayawo anawapinda bwinobwino n'kumubwezera Clara.

"Awa sindisoka. Mukamuuze kuti mimba palibe, agone tulo. Mukamuuzenso kuti anati akanama ndimuiwale, koma ndakana."

Clara atapita, kunja kunachita mdima wa mitambo, fungo la mvula yoyamba likuchokera ku Michiru. Angela anayamba kumasula zikwama. Petronela anavundukula makina, n'kuima pakati pa balaza akuyang'ana uku ndi uku.

"Mukufuna chiyani, achemwali?"

"Chija chodulira nsalu. Dzina landithawanso."

"Sizasi."

"Eya, sizasi. Kayang'ane mu ufa."

Angela anapita kukhitchini. Petronela anaika bokosi la machesi pawindo, pakati pa ulusi wobiriwira ndi woyera, pamalo poti tsiku lililonse limene adzayambenso kudzikayikira adzangotambasula dzanja.